JAMES CAGNEY, MUNTHU WOFATSA AMENE DZIKO LIDAMUYESA CHIGAWENGA

Pa tsamba lino tidazolowera kuwerenga mbiri za anthu oyera, za amishoni ndi za aphunzitsi akale amene adabzala chikhulupiriro m'dziko mwathu muno. Lero tikukupatsirani mbiri ya mtundu wina. Mwini wake sadali wansembe kapena mmishoni, ndipo Eklezia sadamlembe m'gulu la oyera. Adali Mkatolika wamba wa ku America, wochita zisudzo za m'kanema, amene kwa zaka 30 anthu a maiko ambiri adamuona akuwombera anzake ndi mfuti, akuzunza akazi ndi kuthawa apolisi, mpaka ambiri adakhulupirira kuti khalidwe lake lenileni ndi lomwelo. Dzina lake adali James Cagney. Mbiri yake itiphunzitsa za dzina limene anthu amamveka mnzao ngati chovala, ndiponso za zimene ana athu amatola ndi maso.

UBWANA WAKE

James adabadwa pa 17 July 1899 mu mzinda wa New York, ku dera la amphawi amene makolo ao adachokera ku Ulaya. Bambo ake, a mtundu wa ku Ireland, ankagwira ntchito yogulitsa mowa, ndipo mowa womwewo udawasautsa iwo eni pamodzi ndi banja lao. Mai ake, a Carolyn, adali mwana wa munthu wa ku Norway woyendetsa sitima za pamadzi. M'banjamo mudabadwa ana 7, koma awiri adamwalira ali makanda. James nayenso adabadwa wodwaladwala, kotero kuti mai ake adaopa kuti angafe asanalandire Ubatizo. Koma Mulungu adamsunga. Adakula, nalandira Sakramenti la Ulimbitso m'tchalitchi la Francis de Sales Woyera mu mzinda momwemo.

Ku Yorkville, kumene iye adakulira, kudali kwa ndewu. Mnyamata wosadziwa kuponya nkhonya sankatha kudutsa msewu ndi mtendere. James adali wamfupi, wa tsitsi lofiira, koma wachangu ngati mphaka, ndipo adaphunzira nkhonya bwino lomwe mpaka omphunzitsa adafuna kuti ikhale ntchito yake ya moyo wonse. Mai ake adakana kwamtuwagalu. Iwo adafuna kuti ana ao aphunzire sukulu, ndipo khama laolo lidabala zipatso, pakuti awiri mwa abale a James adakhala madokotala. Anzake ena amene ankasewera nawo pa msewu adatsirizira ku ndende ya Sing Sing, ndipo mmodzi adalandira chilango cha imfa kumeneko m'chaka cha 1927. Cagney sadaiwale konse kuti pakati pa iye ndi mnzakeyo padalibe mtunda wautali.

Akali pa sukulu ankagwira maganyu: kutumikira ku ofesi ya nyuzipepala, kulongosola mabuku m'nyumba yowerengera, kunyamula akatundu a alendo ku hotela. Ndalama zonse ankazipereka m'manja mwa mai ake. Mu 1918 adatsiriza sukulu ya Stuyvesant nalowa koleji ya Columbia. Koma chaka chomwecho udabuka mliri wa fuluwenza, womwe uja udafika ndi kuno ku Nyasaland nupulula midzi. Bambo ake adafa nawo, kusiya mai ali ndi pakati. James adasiya maphunziro kuti akathandize pakhomo.

ALOWA M'ZISUDZO

Nchodabwitsa kuti munthu amene dziko lidzamdziwa chifukwa cha nkhonya adalowa m'zisudzo ndi miyendo. Mu 1919 adamva kuti gulu lina la ovina likufuna mnyamata, malipiro ake madola 35 pa sabata, ndalama yaikulu kwa banja la mkazi wamasiye. Kuvina sankakudziwa kwenikweni, koma adayang'anitsitsa mapazi a anzake natsanzira mpaka adamlemba ntchito. M'sewero loyambalo adavina atavala zachikazi. Chaka chotsatira, m'gulu lina la ovina, adakumana ndi namwali dzina lake Frances Vernon, ndipo adakwatirana pa 28 September 1922.

Zaka zoyamba za banja lao zidali zowawa. Ankayenda mizinda ndi mizinda kuvina ndi kuseketsa anthu, nthawi zina ntchito osaipeza, chakudya chosowa. Pamene James ankataya mtima nafuna kusiya, mkazi wake ndiye ankamlimbikitsa. Mu 1930 adachita nawo sewero lotchedwa Penny Arcade, limene lidangokhala masabata atatu okha. Koma kampani ya makanema ya Warner Brothers idagula sewerolo, nimtenga Cagney kupita naye ku Hollywood.

DZINA LIMKAKAMIRA

Kuti timvetse zimene zidatsatira, tiyenera kudziwa kuti kuyambira 1920 mpaka 1933 boma la America lidaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa. Lamulolo lidali ndi cholinga chabwino, koma lidalemeretsa magulu a zigawenga amene ankagulitsa mowa mobisa naphana polimbirana misika. Nyuzipepala zidadzaza ndi nkhani zao, ndipo eni makanema adaona kuti pamenepa pali ndalama.

Mu 1931 adakonza kanema wotchedwa The Public Enemy, ndiye kuti mdani wa anthu onse. Poyamba Cagney adampatsa mbali yaing'ono ya mnzake wa chigawenga, koma mkulu wokonza kanemayo, William Wellman, ataona moto umene udali mwa mnyamatayu, adasinthanitsa mbalizo. Cagney adakhala Tom Powers, mwana wa mumsewu amene ayamba ndi kuba tinthu tating'ono, nakula kukhala wakupha wopanda chifundo. Pothera pake adani ake amupha, namanga mtembo wake m'nsalu, nauimika pa chitseko cha nyumba ya mai ake, pamene maiwo ali m'chipinda kumyalira bedi mwana wao ndi chimwemwe poyesa kuti akubwera wamoyo.

Eni kanemayo adati cholinga chao nkuonetsa kuti malipiro a uchimo ndi imfa. Koma anthu sadatole zimenezo. Chimene adachikumbukira ndi pamene Tom, atakwiya pa chakudya cha m'mawa, atenga nyumwa lodula pakati nalikhwinyiza kumaso kwa mkazi amene ankakhala naye. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, Cagney akalowa m'nyumba yodyera, anthu ankamtumizira manyumwa pa tebulo pake mwa nthabwala. Anyamata ankatsanzira kayendedwe kake, kalankhulidwe kake kothamanga ndi kagwedezedwe ka mapewa ake. Zimenezi iye sadazipeke. Adazitola kwa anthu oipa amene ankawaona pa mphambano za ku Yorkville ali mwana. Ndicho chifukwa chake zidaoneka zoona.

Kampani itaona kuti anthu akumkonda ali chigawenga, idampatsa mbali za mtundu womwewo mobwerezabwereza. Iye adali wodziwa kuvina, kuimba ndi kuseketsa, ndipo adazionetsa mu Footlight Parade mu 1933. Mu 1935 adachita nawo sewero la Shakespeare. Koma eni ndalama sankafuna wovina. Ankafuna wa nkhonya. Pa nthawi imene The Public Enemy inkawalowetsera chuma, iye ankalandira madola 400 pa sabata. Adanyanyala ntchito mpaka adamkwezera kufika pa madola 1,000. Pambuyo pake, poona kuti akumgwiritsa ntchito kopitirira pangano, adaisumira kampaniyo ku bwalo la milandu, ndipo mu 1936 mlandu udamkomera. Masiku amenewo nkosamveka kuti wantchito wa m'kanema angagonjetse mabwana ake, ndipo kupambana kwake kudalimbitsa mtima anzake ambiri. Adali mmodzi wa oyamba kulowa m'bungwe loteteza ochita zisudzo, la Screen Actors Guild, nakhala mtsogoleri wake kuyambira 1942 mpaka 1944.

EKLEZIA ALANKHULA

Eklezia sadaonerere chabe. Kale mu 1930 Bambo Daniel Lord, a chipani cha Ajezuwiti, pamodzi ndi Mkatolika wina wolemba nyuzi, Martin Quigley, adalembera eni makanema malamulo a makhalidwe, ndipo limodzi mwa malamulowo lidati kanema asachititse oonera kukhumbira uchimo kapena kuchitira nsanje munthu woipa. Eni makanema adavomera ndi pakamwa pokha. Tsono Maepiskopi a ku America adayambitsa gulu lotchedwa Legion of Decency, ndipo Akatolika miyandamiyanda adalonjeza m'matchalitchi mwao kuti sadzapita kukaonera makanema oipa. Pamene matumba a eni makanema adayamba kupepuka, mu 1934 adayamba kusunga malamulo aja. Mu 1936 Papa Pius XI adalemba kalata yao yotchedwa Vigilanti Cura, m'mene adayamikira ntchito ya Maepiskopiwo, naphunzitsa kuti kanema ali ndi mphamvu yoposa buku, popeza amalankhula ndi zithunzi zimene ngakhale wosadziwa kuwerenga amazimva.

Kampani ya Warner idapeza nzeru yake. Mu 1935 idamveka Cagney zovala za wapolisi wa boma mu kanema wa G Men. Nkhonya zidali zomwezo, mfuti yomweyo, kungoti tsopano zidali mbali ya lamulo.

CHIGAWENGA NDI WANSEMBE

Kanema amene ayenera kuti ife Akhristu timlingalire mofatsa ndi wa mu 1938, wotchedwa Angels with Dirty Faces, ndiye kuti angelo a nkhope zalitsiro. Cagney adachita mbali ya Rocky Sullivan, ndipo bwenzi lake lapamtima, Pat O'Brien, Mkatolika mnzake, adachita mbali ya Bambo Jerry Connolly.

Nkhani yake ili motere. Anyamata awiri, Rocky ndi Jerry, apezeka akuba m'ngolo ya sitima ya pamtunda. Pothawa, Jerry alumpha mpanda napulumuka, koma Rocky agwidwa. Akana kuulula mnzake, napita yekha ku ndende ya ana, kumene aphunzira umbava weniweni. Patapita zaka, Rocky abwerera kwao ali chigawenga chotchuka, napeza kuti Jerry ndi wansembe wa parishi yomweyo, akuvutika kuwongola kagulu ka anyamata osamva. Anyamatawo ataona zovala za Rocky, ndalama zake ndi kusaopa kwake, amtenga ngati mfumu yao, ndipo mau a wansembe asanduka madzi. Kenaka Rocky apha anzake awiri a m'gulu lake amene adapangana zopha Bambo Jerry. Agwidwa, naweruzidwa kuti afe pa mpando wa magetsi.

Patatsala kanthawi kochepa kuti aphedwe, wansembe alowa m'chipinda chake nampempha chinthu chovuta kuposa imfa yomwe. Ampempha kuti afe ngati wamantha, akulira ndi kuchonderera, kuti anyamata aja akamva achite naye manyazi, aleke kumpembedza, ndipo asatsate njira yake. Rocky akana mwaukali, pakuti chuma chatha, ufulu watha, chatsala ndi dzina lokha la munthu wosaopa. Ayenda kupita ku chipinda cha imfa mutu uli m'mwamba. Koma atafika pakhomo, mwadzidzidzi ayamba kukuwa, kugwira zitsulo ndi kupempha chifundo, mpaka alonda amkoka ndi mphamvu. Oonera saona nkhope yake. Aona chithunzithunzi chake pa khoma, ndi nkhope ya wansembe ikuyang'ana kumwamba. M'mawa mwake anyamata aja awerenga m'nyuzipepala kuti ngwazi yao idafa ikulira. Wansembe awatsimikizira kuti ndi momwe zidachitikira, nawatenga kuti akampempherere mnzake amene paubwana adalephera kuthamanga monga iye.

Anthu akhala akufunsana ngati Rocky adachitadi mantha kapena adachita dala chifukwa cha ana aja. Cagney adafotokoza kuti adachita mbaliyo mwadala m'njira yoti woonera aliyense aweruze yekha. Ena amafunsanso ngati wansembeyo sadapemphe bodza. Ife tiona motere: palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene saopa imfa, ndipo Ambuye athu omwe adavutika mumtima m'munda wa Getsemani. Bodza lidali kusaopa kuja kumene Rocky adavala moyo wake wonse. Wansembe adampempha kuti avule kunyada, ataye mbiri yake pamaso pa anthu kuti apulumutse ana a eni, ndipo mphotho yake aidziwe Mulungu yekha. Kudzichepetsa kotere nkosowa ngakhale pakati pa ife opemphera.

Pojambula kanemayu padachitikanso china. Masiku amenewo ankawombera zipolopolo zenizeni pafupi ndi ochita sewero kuti zioneke zoona. Cagney, amene adaziona kale zoopsa zake, adakana kuima pamalo pamene adamuuza. Atawombera, chipolopolo chimodzi chidanjanja nichidutsa pomwe pakadakhala mutu wake. Munthu amene dziko linkamuyesa wosaopa adapulumuka chifukwa chodziwa kuopa.

AYESA KUVULA CHOVALACHO

Mu 1942 adapeza mwai umene adaulakalaka zaka zonse. Mu kanema wa Yankee Doodle Dandy adachita mbali ya George M. Cohan, katswiri wa nyimbo ndi magule, ndipo mlongo wake Jeanne, uja adabadwa bambo ao atamwalira, adavina naye limodzi. Mwa makanema ake onse oposa 60, uyu ndiye adamkonda koposa, ndipo ndi yekhayu amene adampatsa mphotho yaikulu ya Oscar. Mphothoyo sidabwere ndi mfuti koma ndi kuvina.

Pofuna kudzisankhira yekha mbali zochita, adayambitsa kampani yakeyake pamodzi ndi mng'ono wake William. Adakonza makanema a anthu ofatsa ndi oganiza, koma anthu sadakhamukireko, ndipo wa mu 1948 adawatayitsa ndalama zambiri. Kotero mu 1949, ali ndi zaka 50, adabwerera ku Warner nachita White Heat, m'mene adali chigawenga chamisala, choipa kuposa zonse zoyamba zija. Anthu adaomba m'manja. Chovala chimene adayesa kuchivula adachivalanso, popeza ndicho chokha msika unkagula. Mu 1961, atatsiriza kanema wanthabwala wa One, Two, Three, adasiya ntchitoyo, nakhala zaka 20 osabwererako, ngakhale ambiri adamnyengerera.

MUNTHU WAKE WENIWENI

Akulu adati ali dere nkulinga utayenda naye. Amene adayenda ndi Cagney adapeza munthu wachete, wosakonda maphwando a ku Hollywood, wosamala ndi mowa popeza adaona zimene udachita kwao. Mu mzinda umene maukwati amatha ngati mame, iye adakhala ndi mkazi mmodzi zaka 63, mpaka imfa idawalekanitsa. Mtima wake udali ku nthaka. Mu 1955 adagula munda ku Stanfordville, kumpoto kwa New York, kumene ankaweta ng'ombe ndi akavalo. Ankadana ndi kukokoloka kwa nthaka ndipo ankalimbikitsa alimi kuisamala. Nthawi yopuma ankajambula zithunzi ndi utoto.

Koma mbiri yoona siibisa chilonda. Popeza sadabereke, iye ndi mkazi wake adatenga ana awiri, mnyamata ndi mtsikana, nawalera ngati ao. Anawo atakula, chikondi pakati pao ndi makolowo chidazilala. Mwana wamwamunayo adamwalira mu 1984 asanayanjanenso ndi bambo ake. Munthu amene adaphunzitsa dziko lonse, kudzera mwa Rocky, kuti ana ayenera kuwagula ndi mtengo uliwonse, sadathe kusunga mtendere ndi ana a m'nyumba mwake. Sitiweruza, pakuti za m'nyumba adziwa ndi eni ake. Tingoona kuti kuchita zabwino pa bwalo nkwapafupi kusiyana ndi kuzichita pakhomo.

Atakalamba adadwala matenda a shuga ndi ofa ziwalo. Madokotala adamlangiza kuti ntchito ingamtsitsimule, ndipo mu 1981 adaonekanso mu kanema wa Ragtime ngati mkulu wa apolisi, pamodzi ndi mnzake wakale Pat O'Brien. Mu 1984 Pulezidenti Ronald Reagan adampatsa mendulo yaulemu ya dziko lake. Adamwalira pa munda wake pa 30 March 1986, tsiku la Pasaka, ali ndi zaka 86. Misa ya maliro idachitikira m'tchalitchi lomwe lija la Francis de Sales Woyera m'mene adalandira Ulimbitso. Mwa onyamula bokosi mudali Floyd Patterson, katswiri wa nkhonya, ndi Mikhail Baryshnikov, katswiri wa kuvina. Adamuika ku manda a Akatolika a Gate of Heaven ku Hawthorne.

ZOTOLAPO IFE

Choyamba ndi cha dzina. Tonse tidziwa zimene zimachitika m'maparishi mwathu pa Lachisanu Loyera, pamene achinyamata achita sewero la masautso a Ambuye. Amene achita bwino mbali ya Yudasi kapena ya msilikali wokwapula, chaka chamawa timpatsanso yomweyo, ndipo posachedwa mudzi wonse umutcha Yudasi. Pamenepo timaseka, koma pali pena posaseketsa. Mnyamata amene adabapo nsomba pa thandala ku Senga Bay ali ndi zaka 12 timutcha mbava mpaka imvi. Munthu wobwera ku ndende, ngakhale alape nalandire Masakramenti, sitimsankha pa udindo uliwonse mu Mphakati. Timkakamiza chovala chimene Mulungu adamvula kale, ndipo ena, potopa, amachivalanso. Malembo Oyera atiphunzitsa, pa nkhani ya Samuele ndi ana a Yese, kuti munthu amayang'ana maonekedwe pamene Mulungu amayang'ana mumtima.

Chachiwiri ndi cha ana. Makanema ambiri a Cagney ankatha ndi chilango cha woipa, komabe anyamata adatola kayendedwe ka chigawenga nasiya phunziro lake. Ndi mmenenso zilili kuno. Pa Salima, pa Chipoka ndi m'madooko a m'mbali mwa nyanja, mwana amene wathandiza kukoka khoka m'mawa atenga ndalama yake nakalowa m'kanyumba koonetsera makanema, kapena aunjikana ndi anzake pa foni, ndipo madzulo mumuona akuyesera mateche pa mng'ono wake. Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata cha Inter Mirifica cha mu 1963, udakumbutsa makolo kuti ali ndi udindo waukulu woyang'anira zimene ana ao amaonera. Kuletsa kokha sikukwanira. Inu makolo ndi inu aphunzitsi a katekisimu, funsani anawo zimene aona, mukambirane nawo, muwauze kuti wa nkhonya wa m'kanemayo ndi munthu waganyu amene madzulo amavula zovalazo napita kwao, kapena kukapalira munda monga Cagney. M'mera mpoyamba.

Chachitatu ndi cha ife akulu. Mwana satsanzira za m'kanema zokha. Bambo womenya mkazi wake, mwini bwato wotukwana alovi ake, mkulu wa mpingo wosadziwa kupepesa, onsewa ali ndi anyamata amene akuwayang'ana. Chimene wansembe uja adapempha kwa Rocky, Ambuye akuchipempha kwa yense wa ife: kulola kuoneka wochepa pamaso pa anthu kuti wamng'ono asatayike.

Timkumbukire James Cagney m'mapemphero athu, pamodzi ndi onse amene ntchito yao ndi kusangalatsa anthu, kuti luso limene adalandira kwa Mulungu alitumikire nalo bwino. Mzimu wake uuse mu mtendere.